Kompyuta inakana kundiikira kumbuyo



Pa msonkhano wa makolo teremu yatha, bambo ena anaimirira n'kunena kuti ana akulephera mayeso chifukwa masana amakathera ku madrasa m'malo mowerenga. Mawuwo anandilasa, pakuti ine ndinakulira pamkeka wa madrasa ndisanaponde ku koleji. Ndinabwerera kunyumba ndi cholinga chimodzi: kuwaonetsa bambowo ndi manambala kuti akulakwitsa.

Ndinatenga malikisi a Fomu 3 ndi Fomu 4 n'kugawa anawo pawiri, opita ku madrasa mokhazikika ndi osapita. Avereji ya opitawo inali pamwamba. Ndinati Alhamdulillah, n'kuthamangira kwa aphunzitsi athu a masamu. Iwo anayang'ana pepalalo n'kufunsa kuti, "Ustadhi, ana a madrasawa amakhala kuti?" Nditaganiza, ndinapeza kuti ambiri ndi a kufupi ndi msewu wa M5, komwe sukulu ndi mzikiti zili pakhomo. Osapitawo ambiri amachokera kunyanja ndi kuminda ya mpunga, ndipo amayenda mtunda wautali. "Ndiye mwayeza madrasa kapena mwayeza mtunda?" anatero.

Anandikhazika pa laputopu yawo n'kundiphunzitsa njira yotchedwa multiple regression. Tinagwiritsa ntchito Excel, pa gawo la Data Analysis, ngakhale ku mayunivesite ambiri amakonda SPSS kapena R. Mwana aliyense anali ndi mzere wake, ndipo m'malo mwa dzina tinaika nambala, chifukwa malikisi a mwana ndi amanah. Pamzerepo tinalemba malikisi ake, masiku amene anajomba malinga ndi rejisitala, makilomita ochokera kwawo, maola a madrasa pa sabata, komanso malikisi a chaka chatha.

Chimene kompyuta imachita n'kupeza equation yolosera malikisi. Imayamba ndi nambala imodzi, kenako imawonjezera masiku ojomba atachulukitsidwa ndi nambala yawo, makilomita ndi nambala yawo, maola a madrasa ndi nambala yawo. Manambala ochulukitsirawo imawasankha chonchi: kwa mwana aliyense imaona kusiyana kwa malikisi oloseredwa ndi enieni, imachulukitsa kusiyanako ndi mwini wake, n'kuphatikiza zonse, ndipo imatenga manambala amene apangitsa chiphatikizocho kuchepa kwambiri. Njirayi anaisindikiza koyamba ndi katswiri wa ku France, Adrien-Marie Legendre, mu 1805. Phindu lake n'lakuti nambala ya madrasa imayankha funso lenileni: ana awiri okhala mtunda wofanana, ojomba mofanana, amene chaka chatha anakhoza mofanana, kodi maola a madrasa amawasiyanitsa?

Titadina batani, nambala ya madrasa inafota, n'kutsala pang'ono kufika pa ziro. Aphunzitsi anandilozera p-value yake n'kunena kuti kusiyana kochepa chotero kungabwere mwamwayi chabe. M'manambala athu, madrasa sankagwetsa ana monga ananenera bambo aja, komanso sankawakweza monga ndinkafunira ine. Chimene chinaoneka poyera, kupatula malikisi a chaka chatha, ndi kujomba. Masiku ojomba akachuluka, malikisi amatsika.

Ndiulule apa. Ndinazindikira kuti ndikangochotsa mizere ya mtunda ndi kujomba, madrasa awala ngati poyamba, ndipo palibe kholo limene likanadziwa. Dzanja linandiyabwa. Koma m'kalasi ndimaphunzitsa kuti wochepetsa muyezo pa sikelo adzayankha pamaso pa Allah. Ndimaphunzitsanso za Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi wa ku Baghdad, amene cha m'ma 820 analemba buku lomwe mawu akuti algebra anachokerako, ndipo gawo lalikulu la bukulo ndi masamu ogawa chuma chamasiye. Kwa iye masamu anali wantchito wa chilungamo. Kusankha mizere yondikomera ine kukanakhala kubera pa sikelo, kungoti sikeloyo ndi ya magetsi.

Ndinabwerera ku rejisitala kukaona kuti anawa amajomba liti. Ena ndi nthawi ya dzinja, mitsinje yotsika kumapiri ikadzadza. Ena ndi pamene mpunga ukucha ku sikimu ya Bwanje Valley, ija imamwa madzi a Namikokwe, poti ana ndi amene amaingitsa mbalame. Anyamata ena amachezera usiku kunyanja usipa ukagwa, m'mawa n'kugona. Ena ndi malungo. Equation sinandiuze zifukwazi. Inangondilozera poyambira kufunsa. Ndipo ana athu ndi ochepa, a sukulu imodzi, choncho tisathamangire kunena kuti ndi mmene zilili Dedza yense.

Pamapeto Excel inatulutsa mndandanda wa ma residual, kutanthauza zotsala zimene equation yalephera kufotokoza. Pamenepo ndinapeza mtsikana wina wochokera kutali, amene masamu ankati agwa, koma anakhoza kuposa anzake ambiri. Nditamufunsa anati tsiku lililonse akajomba amabwereka kope kwa mnzake n'kukopera akatha swala ya Fajr. Khama loterolo linalibe mzere wake mu kompyuta.

Bambo aja ndinakawapeza titatuluka Jumu'ah. Ndinati, "Bambo, tonse awiri tinaphonya." Anaseka n'kuvomera kuti nawonso mwana wawo amamutuma kumunda masiku ena a sukulu.

Pempho langa kwa makolo ndi ili: mpunga ukamacha, gawanani ntchito ya mbalame kuti mwana asaphonye kalasi, ndipo akadwala tidziwitseni msanga. Ife aphunzitsi tagwirizana kuti mwana akajomba masiku atatu otsatizana tizimuyendera kwawo. Chaka chamawa, In shaa Allah, tidzathiranso manambalawa mu kompyuta, ndipo chimene chidzatuluke ndidzakuuzani monga chilili, kaya chindikomere kaya ayi.

Wassalaam.