Mfuti ya ku Halale

Chaka chimene nguluwe zinasautsa alimi a kumadzulo kwa Kasungu, kufupi ndi nkhalango yosungiramo nyama, mkulu wina anatsitsa mfuti imene inakhala kudenga zaka zambiri, ngakhale chiphaso chake ankachikonzetsabe kupolisi. Fodya anali atadzaza m'chigafa, koma chimanga, chimene banja limadalira podikira ndalama za kuokushoni, chinkatha usiku ndi usiku.

Mfutiyo inali ya mipope iŵiri, yosulidwa ku Birmingham, ndipo malemu atate ake ndiwo anabwera nayo pochokera ku Halale. Pamipopeyo pankaoneka mizere yopotanapotana imene mkuluyo ankanyadira. Mizereyo sinali yokongoletsera chabe. Amisiri akale ankapota timizere tachitsulo ndi kutilumikiza pamoto, ndipo dzimbiri likaloŵa m'malumikizowo, diso siliona.

Atagula zipolopolo zatsopano zapulasitiki, mkuluyo analoŵetsa chimodzi, natseka mfuti.

"Waona? Chakwana bwinobwino," anatero kwa mwana wake, amene anagwirapo ntchito yaulonda paesiteti ina.

"Bambo, pepani, kuloŵa sikutanthauza kuti chakwana," anayankha mwanayo motsitsa mawu.

Mnyamatayo ankanena zoona. Mfuti zambiri zakale za ku Mangalande zili ndi malo a chipolopolo otalika mamilimita 65, pamene zipolopolo zofala lero ndi za mamilimita 70. Utali umenewu amayesa kukamwa kwa chipolopolo kutafunyululuka. Choncho chisanaombedwe chimaloŵa mosavuta, koma chikaphulika, kukamwako kumafunyulukira pamene mpope wayamba kuchepa, ndipo mphamvu imapanikizika. Chinanso n'chakuti mipope yotere inasulidwa m'nthaŵi ya wonga wakuda wautsi uja, pamene zipolopolo zamakono zimakankha mwaukali kuposa. Choopsa n'chakuti dzanja lamanzere la woombera limakhala pampope pomwepo.

Kwa munthu amene anakula akudya nyama yophedwa ndi mfuti yomweyo, mawu a mwana anamveka ngati chipongwe kwa malemu. Anakangana mpaka dzuŵa kupendeka. Potsiriza anagwirizana kuti mfutiyo idziyankhire yokha. Anaimangirira ndi luzi kumtengo wamsuku kudambo, naikoka ndi chingwe chachitali atabisala kuseri kwa chulu.

Inalira koyamba, osaoneka vuto. Mkuluyo anaseka kwambiri. Inaliranso kachiŵiri. Kachitatu kulira kwake kunasintha, ndipo atayandikira anapeza mpope wakumanzere utang'ambika ngati bango, pamalo penipeni pogwira zala.

Mkuluyo sananene kanthu. Anayang'ana mpopewo, kenaka anayang'ana chikhatho chake chamanzere, chimene chinali chikadali ndi phula la fodya, nachipinda pang'onopang'ono.

Usiku umenewo anthu a m'mudzimo anamva kulira kwa chitini kumunda. Bambo ndi mwana wake anali pamsasa, atasonkha moto, akusinthana kuimba chitinicho mpaka kunja kunacha.