Mau a Pansi pa Kanema wa Magalasi Akasokonezeka

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, ambiri a inu muli ndi mbale kapena mnansi wosamva. Inu mukamaseka poonera kanema, iye amayamba wayang'ana nkhope zanu kuti adziŵe ngati nkhaniyo ili yoseketsa kapena yachisoni. Chimene chimamthandiza munthu wotere ndicho mau olembedwa pansi pa chithunzi. Lero ndifuna tikambirane za mau ameneŵa pa kanema uja amati 3D, woonera mutavala magalasi, pakuti kumeneko ndiko amavuta koposa.

Kanemayu sanayambe dzulo. Mu 1952 ku America anatulutsa Bwana Devil, nkhani ya mikango yodya anthu omanga njanji ku Kenya, ndipo anthu anaionera atavala magalasi. Mbiri yake inabukanso mu 2009 ndi Avatar wa James Cameron. Ma TV a mtunduwu anapangidwa ambiri, koma Samsung inaleka kuwapanga mu 2016, LG ndi Sony mu 2017. Yathu ya pa gulu inabwera kuchokera ku Johannesburg itagwirapo kale nchito kwa ena.

M'gulu mwathu muli mayi wosamva, katswiri pa kusoka, amene amaŵerenga Chicheŵa bwino lomwe. Mwana wamkazi wa msungichuma wathu ndiye amawalembera mau pa kompyuta, ine nditakhala pambali pake. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma makina osokera ndawagwira zaka zambiri. Makina akamadula ulusi sitimasula zonse nthaŵi imodzi ayi. Timayamba taona singano, kenaka ulusi wapansi. Kompyuta nayo ifuna mtima womwewo.

Vuto loyamba kulikumana nalo ndi la mau oduka pakati. Tatambasulani dzanja, muimike chala, mutsinzine diso limodzi kenaka linzake. Chala chija chidumpha, chifukwa maso athu atalikirana pafupifupi masentimita 6 ndipo lililonse liona mosiyana pang'ono. Kanema wa magalasi ali ndi zithunzi ziŵiri, china cha diso lamanzere, china cha lamanja. Kaŵirikaŵiri zimasungidwa mogundizana, chilichonse chitafinyidwa, ndipo TV imazitambasula nkuzisanjikiza. Tsono kompyuta, posadziŵa zimenezi, imalemba mau kamodzi kokha pakatikati, pa malire penipeni. Zotsatira zake, diso lamanzere lilandira mutu wa chiganizo, lamanja mchira wake. Ngati zithunzizo zasungidwa china pamwamba china pansi, mau amagwera chapansi chokha, nkumaoneka ndi diso limodzi. Mankhwala ake nkuwalemba kaŵiri, chithunzi chilichonse mau ake.

Koma chimene ndifuna muchimvetsetse kwambiri ndi ichi. Mau aja akakhala pa malo ofanana m'zithunzi zonse ziŵiri, amaoneka ngati amatidwa pa galasi la TV. Pamenepo mbalame ya m'kanema ikauluka kubwera kumaso kwanu, maso amakuuzani kuti mbalame ili pafupi ndipo mau ali kumbuyo kwake, komabe mauwo ndiwo akuphimba mbalameyo. Chinthu cha kumbuyo chingaphimbe bwanji cha kutsogolo? Maso amalimbana, mutu nkuyamba kuŵaŵa. Pokonza, mau a diso lamanzere amasunthidwa pang'ono kumanja, a diso lamanja pang'ono kumanzere, ndipo amatuluka kudzaima patsogolo pa zonse. Mukatembenuza, amamira m'kati mwa chithunzi. Mukasuntha mopitirira, amafika pamphuno ndipo maso amatopa msanga. Nzofanana ndi mchere m'ndiwo, timathira pang'onopang'ono tikulaŵa.

Wolaŵayo asakhale inu amene mukumva. Inu mukhoza kuchotsa maso pa mau nkumatsata nkhani ndi makutu. Mnzathu wosamva alibe pothaŵira. Maso ake ayenera kuyenda pakati pa mau ndi chithunzi maola aŵiri athunthu. Ndaonapo achinyamata akuyesa mphindi ziŵiri nkunena kuti zatheka, pamene mayi wa eni akupukuta misozi pansi pa magalasi osadandaula, kuopa kuoneka wosayamika. Mfunseni mwini wake, ndipo mumfunsenso kanema atafika pakati.

Palinso mau ofika nthaŵi yolakwika. Apa yang'anani koyambirira ndi kumapeto. Ngati achedwa mofanana konsekonse, kuwasuntha onse kamodzi kukwanira. Koma ngati kusiyanako kukukulirakulira, gwero lake ndi liŵiro la zithunzi. Akanema ena amayenda zithunzi 25 pa sekondi, ena pafupifupi 24. Kusiyanaku kuoneka kochepa, koma pa kanema wa maola aŵiri kumafika pafupifupi mphindi 5, kotero kuti munthu amaŵerenga mau a maliro pa chithunzi pakuchitika zina. Pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit ili ndi posinthira liŵiro limeneli, ndipo palibe chifukwa chokonzera mzere umodziumodzi usiku wonse.

Zina nzazing'ono, ngakhale zimapsetsa mtima. Fayilo ya mau ya mtundu wa SRT imafuna nambala, nthaŵi, mau, ndi mzere wopanda kanthu musanayambe mau otsatira. Mukaiŵala mzerewo, mau ena amasoŵa kapena kuphatikana. Chilembo chathu cha ŵ, chija cha mu Malaŵi, chimasanduka tizizindikiro tachilendo ngati posunga fayilo simunasankhe UTF-8. Ndiponso pajatu mau a Chicheŵa ngatalitali. Chiganizo chimene m'Chingerezi chikwana mzere umodzi, kwa ife chimasefukira, ndipo pa kanema wa magalasi chimakafika m'mphepete kumene maso amavutika kuchigwirizanitsa. Fupikitsani, mizere isapitirire iŵiri.

Muuzeni mwana wokonzayo kuti asinthe chinthu chimodzi, ayese, alembe m'kope chimene wasintha, ndipo fayilo yoyamba aisunge padera osaikhudza. Zikakanikabe tsiku limenelo ndipo alendo afika kale, ma TV ambiri a mtunduwu ali ndi posankhira chithunzi wamba cha diso limodzi. Vulani magalasi nonse, muonere pamodzi ndi mnzanuyo, zokonzazo mudzapitirize maŵa.