Chisoti cha chitini m'chigafa cha fodya

Chisoti chachifumu ndimachidula pa chitini cha mafuta ophikira. Ndimang'amba chitinicho ndi sizasi ya malata, kupinda m'mphepete kuti chisacheke mwana pamphumi, kenako kuchikwecha ndi mchenga mpaka chiwale. Zovala za asilikali timasoka ndi chiguduli chotsala pomanga mabelo, ndipo malupanga timasema a bulugamu. Zonsezi zimatha tsiku limodzi. Koma kuumba mwana woti avale chisoticho kumanditengera miyezi itatu, nthawi zina kupitirira.

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa zisudzo. Ndinakulira pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu, bambo anga ali tenanti, ndipo mtima wa zisudzo unandilowa nditaonera mpikisano wa ATEM, uja umapikisanitsa sukulu za sekondale, komwe anatulukira Du Chisiza Jr asanayambitse gulu la Wakhumbata mu 1987. Masiku ano aphunzitsi a Chingerezi amandiitana kuti ana aone ndi maso buku la Macbeth, lomwe ambiri amaliwerenga ndi mantha a mayeso a MSCE okha. Holo tilibe. Fodya akapita ku okushoni ku Chinkhoma zigafa zimatsala zapululu, ndiye timapempha chimodzi. Mizati ya chigafa imasanduka nsanamira za nyumba ya mfumu, fungo la fodya wa bale likadali m'udzu wa padenga.

William Shakespeare analemba seweroli cha m'ma 1606. Macbeth ndi mkulu wa asilikali a Mfumu Duncan ya ku Scotland, ndiponso ndi mbale wa mfumuyo. Akuchokera kunkhondo komwe wapambana, akumana ndi afiti atatu omwe amulosera kuti adzakwezedwa udindo, pambuyo pake adzakhala mfumu. Udindo woyambawo ubweradi tsiku lomwelo. Posakhalitsa mfumu ibwera kudzagona kunyumba kwake ku Inverness ngati mlendo, ndipo usiku Macbeth aipha ili m'tulo.

Mnyamata aliyense amene ndimampatsa mbali imeneyi amalakwitsa chimodzimodzi. Popeza bukulo analimaliza ndipo akudziwa kuti Macbeth ndi wakupha, amalowa m'bwalo atatong'ola maso, akubangula, dzanja lili pa lupanga. Chaka china ndinali ndi mnyamata wa Fomu 3, wamtali, wa mawu ngati ng'oma. Ndinamuimitsa asanamalize n'komwe chiganizo chachiwiri.

"Iwe, ukanakhala mfumu, munthu wa nkhope yotereyi ukanakagona kunyumba kwake?"

"Ayi aphunzitsi, ndikanathawa."

"Nanga Duncan wapitiranji? Ndi chitsiru?"

Anakhala chete. Ndinamuuza kuti avule lupanga, akhale pa belo, andiuze za kapitawo wa pa esiteti ya kwawo. Mwana aliyense wa kuno amamudziwa munthu woteroyo. Ifenso tinali naye. Anali tenanti mnzawo wa bambo anga, ankasokera limodzi fodya mpaka usiku, ankabwerekana ufa mu February njala ikafika pachimake. Atapatsidwa buku lolembamo ngongole za chimanga ndi feteleza sanasinthe tsiku lomwelo. Chaka choyamba ankatiikira kumbuyo kwa bwana. Chaka chachiwiri anatsitsa giredi ya fodya wa mnzake mmodzi kuti bwana aone kuti sakondera. Pofika chaka chachinayi ankadya yekha, nyumba yake ili ndi loko ziwiri, ndipo akaona matenanti atatu ataima pamodzi ankatuma mwana kukamvera zomwe akukamba. Mnyamata uja anamva. Tsiku lotsatira analowa m'bwalo akumwetulira, atakoleka mkono paphewa la Banquo, mnzake wa kunkhondo, ngati anthu omwe apulumukira limodzi. Kuyambira pamenepo tinali ndi poyambira, chifukwa oonerera akapanda kumukonda Macbeth pachiyambi, kugwa kwake sikuwakhudza.

Vuto lachiwiri ndi la oonerera athu. Kuno ukangoonetsa afiti, mlandu watha: anthu amatuluka akunena kuti mwana wa eni anam'lodza. Koma werengani bwino. Afiti aja palibe pomwe amuuza kuti aphe munthu. Banquo nayenso anamva ulosi wokoma, woti ana ake adzakhala mafumu, koma sanakanole mpeni. Choncho afiti anga sindiwapaka makala, savina, sakuwa. Amakhala pansi pambali pa njira, amalankhula motsitsa, ndipo akangomaliza ndimasiya bwalo lonse lili zii, Macbeth ataima payekha, kuti anthu aone maganizo akuphuka pankhope yake. Sindilolanso kuti afitiwo avale ngati agogo okalamba. Tamva zokwanira za nkhalamba zomenyedwa ndi kuphedwa m'midzi pozinamizira ufiti, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Sewero langa lisakhale nkhuni zosonkhezera moto umenewo.

Akalephera kunamizira afiti, amuna ambiri amathamangira kwa mkazi. Zoona, Lady Macbeth ndiye akokera mwamuna wake pamene wayamba kubwerera m'mbuyo, amunyoza kuti ndi wamantha, aledzeretsa alonda a mfumu. Koma imfa yoyamba yokhayo ndiyo ali nayo mbali. Alonda awiri aja Macbeth awapha yekha m'mawa mwake. Za Banquo amukonzera chiwembu osamuuza mkazi wake. Ndimawaonetsa ana zimenezi ndi mapazi: m'chigawo choyamba awiriwa amaima mogundana mapewa, ndipo chigawo chilichonse ndimawonjezera mzati umodzi pakati pawo, mpaka kumapeto wina ali uku wina uko.

Mtsikana amene anachita bwino koposa mbali ya Lady Macbeth sanafunike kumuphunzitsa zambiri pa chigawo chija mayiyu ayenda ali m'tulo akusamba m'manja. Poyamba ankangopukuta manja mwaulemu ngati akulandira nsima. Ndinamufunsa ngati anathyolapo fodya. Anaseka, nati kuyambira ali Sitandade 4. Ndiye ukudziwa, ndinatero, phula lakuda lija limamata m'zala ukathyola tsiku lonse, lija madzi okha salichotsa, umachita kukwecha ndi mchenga kapena phulusa mpaka khungu kuwawa, koma ukanunkhiza fungo likadalipo. Anagwada pansi, nayamba kukwecha pakati pa zala, kukanda m'zikhadabo, kununkhiza, kuyambiranso. Anzake omwe ankasereula kumbuyo anasiya. Pa tsiku la sewero amayi ena anaphimba kumaso ndi chitenje.

Chigawo chimene ndimathera nthawi yambiri ndi cha pakati, Macbeth atavala kale chisoti. Ana amaganiza kuti apa ndiye pokondwa, munthu wapeza chomwe ankafuna. Ine ndimakhomera dala msomali pampando wachifumu, mutu wake utatulukira pang'ono, kuti mnyamatayo asakhazikike. Imfa ya Duncan inabwera ndi dyera. Zotsatira zonse zikubwera ndi mantha. Banquo akudziwa za ulosi, ndiye afe. Mwana wake Fleance angadzalowe ufumu, ndiye afenso, ngakhale iye apulumuka. Macduff, nduna ina, wathawira ku England, ndiye mkazi wake ndi ana ake aphedwe ku Fife, anthu omwe sanamulakwire chilichonse. Taonaninso mmene manja ake akutalikira ndi magazi: Duncan anamupha yekha, akunjenjemera, koma enawa akuchita kulemba aganyu, ndipo m'nyumba za nduna zake waikamo antchito omwe amawalipira kuti azimuuza zokambidwa. Munthu amene poyamba sankagona chifukwa cha imfa imodzi tsopano akulamula imfa ya banja lonse osaphethira. Kuti mwana wa zaka 17 aonetse zimenezi, ndimamuuza kuti mawu azitsika pamene nkhanza zikukwera. Lamulo lopha ana a Macduff alinene ngati akutuma munthu kumsika.

Titachita seweroli pabwalo la sukulu ina kufupi ndi Mtunthama, bambo wina wachikulire anatsalira anthu atabalalika. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, chija mwaonetsa pa phwando chija, mfumu ikuona mzukwa wa mnzake pampando, nduna zonse zikuyang'ana m'mbale ngati sizikuona kanthu, ife tinakhalamo m'nyumba imeneyo."

"Mukunena za liti, agogo?"

"Mwana wa kuno iwe, ukufunsa? A Gadama."

Aaron Gadama anali wa kuno ku Kasungu, nduna ya boma. Mu May 1983 iye pamodzi ndi Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene anachitika boma litasintha mu 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Dr Kamuzu Banda anazengedwa mlandu wokhudza imfazi ndipo khoti linamupeza wosalakwa mu December 1995. Ine si woweruza, ndipo Kamuzu si Macbeth: sanaphe mfumu kuti alowe ufumu. Anabwera pa 6 July 1958 ataitanidwa, anthu akumuimbira, anakhala m'ndende ku Gweru chifukwa cha dziko lino. Koma pofika 1964 anali atasemphana ndi Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anyamata omwe anamuitanawo, ndipo mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya. Ulamuliro womwe unatsegula Kamuzu Academy pa Mtunthama pomwepa mu 1981, kuti ana aphunzire Chilatini, Chigiriki ndi mabuku akale, ndi womwenso unaika lamulo la 1968 loti sewero lisaonetsedwe lisanaunikidwe ndi bungwe la boma. Akuluakulu a kuno amanyadira mwana wawo wa kwa Chiwengo ndipo amakumbukiranso mantha a masiku amenewo, zonse ziwiri mumtima umodzi. Ndikamaumba Macbeth ndimafuna oonerera amve zonse ziwirizo, chikondi ndi mantha, pa munthu mmodzi.

Chigawo chomaliza n'chosavuta kukonza. Afiti anamulimbitsa mtima Macbeth kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam idzayende kufika ku Dunsinane, ndipo adani ake abwera atabisala kumbuyo kwa nthambi zomwe adula. Ana a kuno sadabwa nazo: anakula akuona ngolo ndi mathirakitala atasenza mitengo yokawotchera fodya wa fuluu, nkhalango yonse ikuyenda mumsewu. Timadula nthambi za kesha kumpanda wa sukulu, anyamata khumi n'kulowa nazo pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo kwa oonerera.

Chimene ndimalimbana nacho ndi kamphindi ka nkhalangoyo isanafike, wantchito akabwera kudzanena kuti mfumukazi yamwalira. Mnyamata wa mawu a ng'oma uja ankafuna kugwa pansi ndi kulira mokuwa. Tinabwereza masiku anayi. Ndinamuuza kuti munthu uyu misozi inamuthera kalekale, ndipo iye mwini akuzindikira kuti yatha. Pa tsiku la sewero anamva uthengawo ataima, anayang'ana mzati womaliza uja pomwe mkazi wake ankaima, anavula chisoti cha chitini nachitembenuza m'manja ngati akufuna kuona chomwe chili m'kati. Kenaka anachivalanso, natola lupanga. Kumbuyo kwa anthu nthambi za kesha zinali zitayamba kugwedezeka.