MFUNDO YA PA MBEDZA

M'dziko la Mfumu Nyalugwe, m'boma la Nyimba, mtsinje wa Luangwa umaphwa ndithu m'mwezi wa October, ndipo nsomba zimasonkhana m'maiwe akuya. Mwa nsomba zonse za m'menemo, yobvuta kuigwira ndi mceni, cifukwa mano ace ali akuthwa ngati lumo, ndipo ikamva mbedza imalumpha pamwamba pa madzi nipukusa mutu.

Mnyamata wina wa kumeneko, atatsiriza sukulu nasowa nchito ku Petauke, anabwerera kwao kukathandiza atsibweni ace kuwedza. Anabwera ndi cingwe ca nailoni ca ku sitolo, ndipo ankaseka cingwe cakale ca khonje cimene nkhalambayo inapota pa nchafu. Nailoni anapangidwa koyamba ku America m'caka ca 1935. Ngwolimba ndipo saoneka bwino m'madzi, koma ngwoterera, kotero kuti mfundo imene igwira pa khonje imapulumuka pa nailoni. Ici mnyamatayo sanacidziwe.

Tsiku lina m'mamawa mceni waukuru unadya nyambo yace. Unalumpha kawiri, ndipo kacitatu cingwe cinabwera copepuka. Nsomba inapita pamodzi ndi mbedza, imene inali yotsiriza mwa zitatu zimene anagula ndi ndalama za amai ace.

"Atsibweni, yadula ndi mano," anatero mnyamatayo.

Mkuluyo sanayankhe msanga. Anatenga nsonga ya cingweco naiyang'anitsitsa, kenaka anati, "Taona, mphwanga. Cingwe codulidwa ndi mano cimatsala coongoka, ngati acidula ndi mpeni. Koma ici capotana ngati mcira wa nkhumba. Nsomba siinalakwe. Yamasuka ndi mfundo yako."

Madzulo, atakhala pa mpasa, anamuonetsa zinthu zitatu. Coyamba, polumikiza mbedza, nsonga ya nailoni iyenera kuzungulira cingwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi isanabwerere m'kabowo ka pafupi ndi diso la mbedza. Caciwiri, mfundo iyenera kunyowetsedwa ndi malobvu ndi kukokedwa pang'onopang'ono, cifukwa nailoni wouma akakhulana amatentha nafooka. Cacitatu, pakati pa cingwe ndi mbedza payenera kukhala kawaya kotalika ngati cikhatho, kuti mano akumane ndi citsulo.

Anaonjezanso cina cimene mnyamatayo sanaciyembekeze. Pakati pa cingwe cacikuru ndi kawaya kaja anamangapo kacingwe kocepa mphamvu. Mnyamatayo anadabwa, nafunsa cifukwa cofoketsera dala cingwe cabwino. Mkuluyo anati, "Pansi pa Luangwa pali mitengo yambiri yogwa ndi madzi osefukira. Mbedza ikakola pamenepo, kwinakwace kuyenera kuduka. Msodzi wanzeru amasankha yekha podukira, kuti ataye mbedza koma cingwe cibwerere m'bwato."

Nzeru imeneyi si ya pa Luangwa pokha. Madzi a mtsinjewu amathira m'Zambezi natsikira ku nyanja yamcere ya ku Mozambique, ndipo kumeneko, pa zisumbu za Bazaruto, kumafika alendo owedza mwa njira yacilendo. Iwo saika nyambo. Amamanga nthenga pa mbedza kuti ioneke ngati kansomba. Popeza mbedza yotere njopepuka, imaponyedwa ndi kulemera kwa cingwe cokhuthala. Kunsonga kwa cingweco amalumikiza nailoni wotalika pafupifupi mamita atatu, woyamba wonenepa nanka naonda kufikira kumbedza, ndipo pofuna nsomba za mano amatsiriza ndi kawaya. Zipangizo zao nzamtengo wapatali, koma naonso amanyowetsa mfundo ndi malobvu, ndipo nsomba ikawapulumuka amayang'ana nsonga ya cingwe monga anacitira mkulu wa kwa Nyalugwe uja.

Mnyamatayo anakhala masiku atatu akumanga ndi kumasula mfundo pa msomali wa pakhonde, nakoka iriyonse ndi mphamvu zace zonse asanaikhulupirire. Atsibweni ace anambwereka mbedza imodzi. Pa tsiku lacinai anagwira milamba iwiri ndi mceni wocepa, ndipo amai ace anauwamba pamoto nakaugulitsa pa mlatho wa Luangwa, pamene apaulendo a mseu wa ku Lusaka amagula nsomba zouma.

Kuyambira pamenepo, cingwe cikaduka, iye sanenanso kanthu asanaone nsonga yace.