Dzanja Pakamwa pa Mwana

Achemwali,

Ife kuno ku Glasgow tilipo, kungoti Disembala uno dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane.

Lachiwiri lapitali m'basi, kamwana kachizungu ka zaka ngati zinayi kanandisisita dzanja, kenaka n'kudziyang'ana chala kuona ngati chada. Kanafunsa amake mokweza ngati ndimasamba. Mayiyo nkhope inangoti psuu ngati phwetekere. Anakatseka pakamwa, n'kupepesa katatu osandiyang'ana m'maso. Pa siteji yotsatira anatsika, ndipo sindikhulupirira kuti n'pomwe amatsikira.

Funsolo silinandipweteke. Mwaiwala kodi mmene ifeyo ku Ntcheu tinkathamangira galimoto ya ansembe tikukuwa kuti "Mzungu! Mzungu!"? Inuyo munkachita kulumbira kuti azungu alibe khungu, anasendedwa ngati mbatata. Chimene chinanditsalira mumtima ndi dzanja lija pakamwa. Mwana anangofuna kudziwa, koma anatsika m'basimo ataphunzira kuti khungu langa ndi nkhani yonong'ona ngati matenda ochititsa manyazi. Chonsecho yankho n'lalifupi: tonse tili ndi melanin pakhungu, ena wambiri ena wochepa, ndipo wambiriyo amatchinga dzuwa. N'chifukwa chake azaumoyo kuno amalangiza ife akuda kumwa vitamini D chaka chonse, pamene anthu ambiri amangouzidwa za miyezi yozizira.

Koma ndisadzichemerere. Loweruka tikuonera vidiyo ya ukwati yomwe munatumiza pa WhatsApp, mwana wanu wamng'onoyu analoza mnyamata wachialubino uja, nati, "Amayi, mzungu uyu bwanji akuvina ngati ife?" Achemwali, dzanja langa linanyamuka lokha. Ndinakumbukira agogo akutitsina tikafunsa za anthu otere, ndi amayi oyembekezera akudzilavulira pachifuwa akakumana nawo panjira. Palibe wamkulu anatikhazikapo pansi kutifotokozera. Pamene akulu ankatitsina m'malo moyankha, ena ankafesa bodza loti mafupa awo ndi chizimba cha chuma, mpaka tafika pofukulirana manda ndi kuphana.

Dzanjalo ndinalibweza. Ndinamuuza kuti ameneyo ndi Mmalawi ngati iye, makolo ake ndi akuda, kungoti thupi lake silipanga melanin wokwanira, ndiye dzuwa limamuwotcha ndipo maso amamuvuta pakuwala. Anakhala duu kwakanthawi, kenaka nati, "Ndiye abwere kuno, kulibe dzuwa."

Dzulo wandibweretsera chipewa chake cha m'chilimwe kuti tim'tumizire. N'chaching'ono, sichingamukwane, koma ndachiika m'katundu wobwera mwezi wamawa pamodzi ndi china chachikulu ndi mabotolo awiri a mafuta oteteza khungu kudzuwa. Mukam'patse zonse, chaching'onocho osachisiya, chifukwa mwiniwake adzafunsa.

Moni kwa amayi ndi onse kumudzi.

Ine mng'ono wanu.