Pa boma la Mulanje, buku lobwereka limakhala likudikiridwa

Mukatchula Mulanje, ambiri amaganiza za phiri lija, nsonga ya Sapitwa yotalika mamita 3,002, minda ya tiyi yobiriwira ndi chinanazi cha m'mbali mwa msewu. Minibasi yochokera ku Limbe ikangokutsitsani pa Chitakale, anyamata a kabaza amayamba kukufunsani ngati ulendo ndi wa ku Likhubula. Koma pa boma pali malo ena amene alendo sawafunsa kawirikawiri, omwe ndi laibulale ya National Library Service.

Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Nthambi ngati ya ku Mulanje ndi zimene zimafikitsa mabuku kwa anthu okhala kutali ndi mizinda. Mabuku ena amachokera kunja kudzera ku bungwe la Book Aid International la ku Britain, pomwe ena, monga timabuku ta ana ta Werengani, amasindikizidwa ndi bungwe lomweli kuno kwathu.

Mukalowa mkati, phokoso la msewu limatsalira panja. Wina ali ndi kope la masamu kukonzekera MSCE, wina wagwira nyuzipepala kufufuza malo a ntchito. Kwa mwana wa m'midzi yozungulira minda ya tiyi, amene kwawo kulibe tebulo lowerengerapo, mpando wa m'laibulale ndi chinthu chachikulu.

Nanga munthu amabwereka bwanji? Choyamba n'kulembetsa umembala, choncho musaiwale chiphaso chanu. Mukasankha buku, mumapita nalo kwa woyang'anira laibulale kuti alilembe m'dzina lanu ndi kukuuzani tsiku lobweza. Si chilichonse chimatuluka ayi. Madikishonale, nyuzipepala ndi mabuku ena ofufuzira amawerengedwera momwemo, chifukwa anthu ambiri amawafuna tsiku lililonse. Ngati tsiku layandikira musanamalize, pitani nalo mukapemphe kuti akuonjezereni masiku. Mukachedwetsa, kung'amba kapena kutaya buku, mudzayenera kuyankhapo. Malamulo a ndalama ndi masiku amasintha, ndiye funsani pa desiki tsiku lolembetsalo.

Achinyamatafe timaona ngati malamulo amenewa ndi nkhanza chabe. Timati, "Buku limodzi lokha, latani?" Koma laibulale ya m'tauni yaing'ono siikhala ndi makope ambirimbiri a buku limodzi. Buku la Biology likagona pansi pa bedi lanu miyezi itatu, pali mtsikana wa Fomu 4 amene akubwera sabata iliyonse, kuyang'ana pa shelefu n'kubwerera chimanjamanja. Mayeso a MANEB sadzamudikira. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chothothola tsamba lomwe lili ndi yankho. Foni muli nayo m'thumba, kope mulinso nalo, lembani zimene mukufuna n'kulisiya buku lili lathunthu.

Mwina mukuti zonse zili pa intaneti masiku ano. Inde, zambiri zilipo, koma bandulo imatha, batire imatha, magetsi amathima. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, anabwereka buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya ku Wimbe, ndipo anapanga makina opukusa magetsi pogwiritsa ntchito mphepo. Bukulo analipeza chifukwa linali pa shelefu tsiku limene anapitako.

Ku Mulanje buku lilinso ndi mdani wina, ameneyu ndi chinyezi. Kuno mvula siichedwa kutsika m'phiri, ndipo chiperoni chikabwera m'miyezi ya June ndi July, chilichonse chimanyowa. Amene anaona namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa zimene madzi amachita ndi mapepala. Likulungeni bwino buku musanakwere kabaza, ndipo kunyumba liikeni pamwamba, kutali ndi khoma lodontha ndi chiswe.

Ngati mukukhala ku Mulanje, kapena mwabwera kwa achibale pa holide, patulani ola limodzi mukalembetse. Tengani mng'ono wanu akasankhe kabuku kake ka nthano. Tsiku lobweza lilembeni pa kalendala ya mufoni, muikenso alamu.