Tsiku lomwe ndinagwa njinga itaima pa phiri la Zomba

Pali kugwa kwina koti ukadzuka umayamba wayang'ana ngati alipo wakuona, zoona bala n'zapambuyo. Ine kugwa kotere kunandipeza pa phiri la Zomba, pafupi ndi damu la Mulunguzi, njinga itaima kale.

Kupalasa ndinayamba ndili mwana, ndiye ndinkadziona ngati katswiri. Chaka chino ndinasunga ndalama n'kugula mapedulo ogwira phazi, aja amati clipless. Dzinali limasokoneza chifukwa phazi limagwidwa ndithu. Kale opalasa ankalowetsa nsonga ya nsapato m'kakhola n'kumanga ndi lamba. Mapedulo atsopano atabwera opanda kakholako, dzina linachokera pamenepo. Anga ndi a mtundu wa SPD, womwe kampani ya Shimano inatulutsa mu 1990. Kunsi kwa nsapato kumamangidwa kachitsulo kotchedwa cleat ndi mabawuti awiri. Ukaponda pedulo kamalira kuti khwa! basi iwe ndi njinga mwalumikizana. Pomasuka umapotozera chidendene kunja. Kukokera phazi m'mwamba n'kutaya nthawi.

Zonsezi ndinkazidziwa m'mutu. Phazi ndi lomwe linali lisanamve.

Loweruka m'mamawa ine ndi mnzanga wina tinanyamuka m'tauni ya Zomba, likulu la dziko lino mpaka 1975. Msewu wa tala wopita ku Ku Chawe ndi wokhotakhota, ndipo chitunda chake sichinyengerera munthu. Apa mapedulowo anandisangalatsa. Phazi silinkaterereka, ndipo ndikaimirira pokankha, njinga inkamvera bwinobwino. Tauni inkachepa kumunsi, mpweya ukuzizira, fungo la paini likuyamba kumveka. Ndinauza mnzangayo kuti, "Aise, ndinachedwa nazo izi." Iye anangoseka.

Titafika chakudamu, komwe kumachokera madzi akumwa a mzindawu, ndinaona anyamata akugulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu. Ndinagwira mabuleki, njinga inaima, ndipo ndinafuna kuponda pansi monga ndachitira moyo wanga wonse. Phazi linakana. Ndinakoka, linakana. Kenako ndinayamba kupendekeka pang'onopang'ono ngati mtengo wodulidwa, mpaka khu! pamiyala, njinga ili pamwamba panga.

Anyamata aja anayesetsa kudzigwira, koma mmodzi analephera. Amene anabwera kudzandithandiza anali bambo wina wachikulire yemwe ankatsika ndi njinga yodzaza nkhuni, atavala patapata. Anatsamiritsa katundu wake pachigumula, n'kuyang'ana phazi langa lili chikodwere.

"Pepani achimwene. Nanga mwadzimangiriranji panjinga ngati mbuzi yopita kumsika?"

Ndinawafotokozera, manyazi ali tho, chigongono chikutuluka magazi. Anagwedeza mutu.

"Ife ndi katunduyu sitiima mwadzidzidzi. Poimapo timapaona tikadali uko, thupi n'kuyamba kukonzeka. Mukadikira kufika, mwagwa kale."

Kunena zoona, panthawiyo ndinkaganiza zobwerera kunyumba n'kukabwezera mapedulo akale. Ndalama ndinkaona ngati ndaponya m'madzi, komanso mantha anali atandilowa. Kutsogolo kunali msewu wafumbi, miyala ndi zigwembe. Kugwa pamalo ngati amenewo si nkhani yoseketsa ayi.

Mnzanga anatulutsa sipanala ya Allen ya mamilimita 3. Pedulo iliyonse ili ndi kabawuti kolimbitsa kapena kufewetsa sipuling'i, mbali zonse ziwiri. Anapotozera konse kolowera ku chizindikiro chochotsera, mpaka pofewa penipeni. Anaonanso ngati kachitsulo kali pamalo pake, pansi pa mbali yotambalala ya phazi, ndiponso ngati mabawuti ndi olimba. Akakhwepa, nsapato imazungulira yokha kachitsulo kali phee m'pedulo, ndipo sungatuluke.

Kenako anandiimika pa udzu, dzanja limodzi nditagwira mtengo wa paini. Lowetsa, tulutsa. Lowetsa, tulutsa. Kumanja, kumanzere, mpaka akakolo anatopa. Anandiuza kuti ndisankhe phazi limodzi loti lizikhala loyamba kutuluka nthawi zonse, ndipo poima ndizipendekera mbali yomweyo. Ndinasankha lamanzere.

Tinalowa msewu wopita ku mathithi a Williams. Mvula inali itagwa usiku, ndipo paja walira mvula walira matope. Nditatsika pamalo ena, matope anadzaza kunsi kwa nsapato, kachitsulo n'kukana kulowa. Ndinamenyetsa nsapato m'mbali mwa pedulo kawiri, matope anagwa, khwa! tinapitirira. Pamalo otsetsereka a miyala m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake anthu amazikonda. Njinga inkadumphadumpha, koma mapazi anali pomwepo. Ndi mapedulo akale ndikanakhala nditaphumuka kale msongolo.

Ndinagwanso kamodzi, pachitunda chomwe ndinachedwa kusintha giya. Liwiro linatha, ndipo ndinakumbukira chidendene nditagona kale m'maudzu. Ndinazindikira kuti kugwa konse kuwiri kunabwera njinga ikuima, osati ikuthamanga. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuchita zomwe ananena bambo a nkhuni aja, kuyang'ana patali. Ndikaona chithaphwi, muzu waukulu kapena amayi osenza nkhuni pakona, phazi lamanzere linkatuluka ndikadali kutali.

Tinafika pa Emperor's View dzuwa litakwera. Malowa anawatcha dzinali pokumbukira ulendo wa Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia. Chifunga chinali chitachoka. Nyanja ya Chilwa inkanyezimira chakum'mawa, phiri la Mulanje likuoneka patali, ndipo madenga a malata a m'tauni ankaoneka ngati timikanda tomwazika. Panali alendo angapo akujambulana ndi mafoni. Mtima unagunda, chifukwa m'mamawa muja ndinagwanso pagulu chonchi.

Ndinapotoza chidendene kukadali mamita angapo, ndinagwira buleki, n'kuponda pansi mwakachetechete. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka.

Potsika tinaimanso pa anyamata a masitiroberi aja. Yemwe anandiseka uja anathamangira pafupi, manja atatambasula kuti andiwakhe. Ndinaima bwinobwino n'kugula mbale ziwiri.

"Bwana, mwachira msanga!" anatero, akundibwezera chenji.